Kufuna Dothi ku Oslo

Uthenga unandipeza pa thandala, manja atadzaza mamba a usipa. Unali m'mawa, dzuwa lisanayambe kuluma, ndikuyanika nsomba zomwe ndinapikula kudoko. Kafoni kanalira pachifuwa pomwe ndimakasunga, ine n'kukatola ndi nsonga za zala kuti kasanunkhe.

"Amayi, mwakhala pansi?"

Anali mzime wanga, mwana wamkazi uja ankalandira alendo pa loji ina ku Senga Bay. Mzungu wina wa ku Norway anabwera kudzasambira, kusambira komweko n'kutenga mwana wa eni ake kupita naye kwawo ku Oslo. Tsopano mwanayo anali ndi pakati, pakati poyamba, pokhwima kale.

"Ndikhale pansi, usipa auyanike ndani? Nena."

"Viza yanu yatuluka. Mukubwera kuno, mudzandisunge chikuta."

Ee! Lichero ndinaliponya kumwamba, usipa n'kugwa ngati mvula, nkhuku za eni ake n'kuchita Khirisimasi. Ndinaimba nthungululu mpaka anyamata osoka maukonde anaimirira kuti mwina wina wagwidwa ndi ng'ona. Ndinavina pamchenga pomwepo, nyimbo n'kudzibwerera yokha: ndikupita ine, ndikupita, usipa tsala, mamba tsalani, agogo akukwera ndege! Anzanga a pa thandala ankandiwombera m'manja uku akundinena. Wina anati, "Mukakafika musakawaphunzitse azungu kunenerera mitengo." Ndinati, "Ndikawaphunzitsa kudya mutu wa chambo, amataya chabwino."

Sindinkadziwa kuti ndikuvinira kulowa m'mono. Inu a kumtunda, mono ndi dengu lija timatchera nsomba. Khomo lake ndi lotakasuka polowa, koma nsomba ikalowa imangozungulira, kuzungulira, potulukira osapaona.

Manyazi oyamba anandigwira pa bwalo la ndege pomwepo. Kwathu kuno mkamwini akaona apongozi ake panjira amapatuka, n'kunjuta chapatali, moni amaperekera nkhope ili kumbali. Sitidyera pamodzi, sitiyang'anana m'maso, sitikhudzana ngakhale pa chala. Koma mkamwini wanga uja, mtalimtali ngati mlongoti, ndevu zofiira, anandithamangira n'kundikumbatira pamaso pa anthu, n'kunena m'Chichewa chake chotsimphina, "Takulandirani, Amayi!" Ndinauma gwa ngati chambo chowamba. Mwana wanga ankangoseka, mimba ikugwedezeka. Ndinamunong'oneza kuti, "Sunawalangize apongoziwa?" Iye anati, "Amayi, kuno osakukumbatirani ndiye kuti akukudani."

Nyumba yawo inali m'mwamba, nyumba pamwamba pa nyumba pamwamba pa nyumba, yokwera pa chikepe. Chitseko cha pansi chimadzitseka chokha, ndipo kuti chitseguke umabaya manambala. Manambalawo anandiuza, anandiuzanso, koma m'mutu mwanga sanakhalemo. Ndinaopa kutuluka ndekha kuti chinganditsekere kunja ndingaume. Pakuti inali nyengo yozizira, ndipo kuzizira kwa kumeneko si kwa mwezi wa June wa kuno. Mukudziwa ayisi amene timathira pa chambo chopita ku Lilongwe? Ndiye tengani dziko lonse, misewu, mitengo, madenga, muliike m'bokosi lomwelo. Dzuwa lake ndi laulesi, limadzuka mochedwa, kusuzumira pang'ono ngati mlendo wamanyazi, n'kubwerera kukagona anthu asanaweruke.

M'nyumbamo munali mofunda, mwaukhondo, koma mwaching'ono. Ndikati ndipite kukhitchini, apongozi ali komweko, avala epuloni, akuphika. Ndikati ndithawire pabalaza, apongozi abwera ndi tiyi pa thireyi. Ndithawire kuti ine? Ndinkakhala kuchipinda, pazenera, kuyang'ana anthu pansi akuyenda mofulumira aliyense payekha. Oyandikana nawo nyumba ndinkakumana nawo m'chikepe, ine n'kupereka moni wonse wathunthu ndi manja awiri, iwo n'kungomwetulira pang'ono n'kuyang'ana kudenga. Mwadzuka bwanji wanga anauma m'kamwa ngati utaka wa chaka chatha.

Kenaka mwana anabadwa, mnyamata, wonenepa, tsitsi lopotana, khungu ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Mayo ine, chimwemwe! Atabwera naye kunyumba ndinatsegula pakamwa kuti ndiimbe nthungululu, mwana wanga n'kundigwira dzanja. "Amayi, chonde, makomawa amamva, anthu adandaula." Ndiye ndinalowa kuchipinda, ndinatenga pilo, ndinamuika pakamwa, nthungululu yonse ya mdzukulu wanga n'kuithira m'pilomo. Pilo ameneyo akanakhala munthu bwenzi ali wogontha mpaka lero.

Ntchito yanga inali imodzi, kulondera mchombo. Ndinkamusambitsa ndekha mwanayo, maso ali pamimba, pakuti mchombo wa mwana wamwamuna suyenera kugwera pa umuna wake. Unafota, unada, ndipo m'mawa wina unagwera m'dzanja langa bwinobwino, kanthu kakang'ono ngati usipa umodzi wouma.

"Wagwa!" ndinatero.

Mwana wanga anasuzumira. "Anamwino anati ukagwa tingotaya m'bini."

"M'chiyani?"

"M'bini, Amayi."

"Iwe mwana iwe, m'bini momwe mukutaya makoko a mbatata? Ameneyu ndi munthu, si mbatata."

"Nanga muutani kuno? Mwaona bwalo pano?"

Ndinaukulunga m'kansalu koyera n'kuumanga pa mfundo ya chitenje changa, pomwe amayi timamanga zathu zosafuna maso a anthu. Mchombo sutayidwa. Amayi aakulu amaukwirira m'dothi mwakachetechete, kuti mwanayo akhale ndi pake padziko. Mwana amene mchombo wake unatayika amakula mtima uli m'malere, kulikonse amakhala ngati mlendo. Anga onse ndinawakwiririra ndi manja angawa, wanga anakwirira amayi anga. Ndiye wa uyu uthere m'galimoto ya zinyalala ine ndilipo? Ayi, ayi, ayi ndithu.

Koma dothi ndilipeza kuti? Pansi pa nyumba matabwa. Pakhomo simenti. Panja miyala, pamwamba pa miyala chipale, ufa woyera uja umagwa kumwamba osaphikika. Mfundo ija inayamba kundilemera ngati ndamangapo mphero. Pogona ndinkaigwira, podzuka ndinkaigwira.

Tsiku lina mwana wanga anati, "Amayi, mwakhalitsa m'nyumba, mukuonda. Apongozi anu ali pa tchuthi cholera mwana, akuti akuonetseni mzinda. Ine nditsala ndi khandali."

Ine ndi mkamwini awiriwiri mumsewu! Kwathu akanamva akanandiyimba m'nyimbo za pamtondo. Ndinatsala pang'ono kukana, koma mfundo inandikanda pantchafu. Mzinda wonsewu ungasowe pamalo pamodzi pofewa? Ndinavomera. Anandiveka buluku, pamwamba pake buluku lina, jekete yofufuma ngati matiresi, chipewa, magolovesi, nsapato zonga za asilikali. Pamwamba pa zonsezo ndinamanga chitenje changa. M'thumba la jekete ndinabisa supuni ya kukhitchini.

Tinayamba ndi nyumba ya mfumu. Tinakwera sitima yoyenda pakati pa msewu ngati basi, iwo kutsogolo, ine mpando wa kumbuyo. Nyumbayo ili pa kamtunda, yachikasu, mazenera osawerengeka, yopanda mpanda ngakhale wa bango. Pakhomo panaima msilikali wachichepere, nthenga pachipewa, osaphethira. Ndinamumvera chisoni, mwana wa mzimayi mnzanga, ataumitsidwa chilili. Kumbali kunali mitengo, ndipo pansi pa mtengo pamayenera kukhala dothi. Koma kukumba pakhomo pa mfumu ndi supuni, msilikali ali ndi mfuti akuona? Angati nkhalamba ya ku Salima yabwera kudzatchera mankhwala.

"Zokongola, Amayi?" anafunsa apongozi.

"Zokongola," ndinayankhira pansi.

Ulendo wina anandipititsa kunyanja yawo, kukaona chinyumba choyera choimbiramo nyimbo. Denga lake limatsetsereka mpaka kukalowa m'madzi, ndipo anthu amayenda pamwamba pa dengalo, akuluakulu ndi ndevu zawo, monga ana osamva. Kwathu wokwera padenga ndi wofolera yekha. Panali poterera, apongozi n'kundipatsa mkono kuti ndigwire. Ine kugwira mkono wa mkamwini? Ndinakana ndi mutu, ndinayenda chotang'adza ngati bakha, mpaka pamwamba. Ndili pamenepo ndinaona timanyumba tamatabwa tikuyandama pamadzi, utsi ukutuluka. Mwadzidzidzi chitseko chinatseguka, anthu ofiira ngati nkhanu zophika n'kutuluka ndi timakabudula tokha, n'kudziponya m'madzi a ayisi, phuvu! Ndinakuwa kuti, "Awapulumutse!" Apongozi anaseka, anati amachita dala, n'zosangalatsa. Ndinati mumtima, dziko ili lili ndi misala yake. Koma dothi panalibe, mwala wokhawokha kuyambira kudenga mpaka kumadzi.

Anandionetsanso chombo chachikulu chakale, chimene anachimangira nyumba n'kuchitsekera m'kati. Chombo chenicheni, milongoti yake, zingwe zake, chili pouma, anthu akulipira kuti achione. Akuti chinkayenda m'nyanja za ayisi kumathero a dziko. Ndinachisisita m'nthiti. Ndinati, mnzanga, iwenso anakutulutsa m'madzi ako? Pamenepo pokha ndi pomwe ndinakweza maso nthawi yaitali. Zithunzi zonse zimene apongozi anandijambula mumzindamo, mukaziona, ndawerama. Kumbuyo kwanga nyumba ya mfumu, ine ndikuyang'ana pansi. Kumbuyo kwanga phiri lotsetserekapo ndi matabwa kumapazi, ine ndikuyang'ana pansi. Anzanga kuno amati ndinali ndi manyazi a kamera. Ndinkasaka dothi.

Ulendo womaliza ndi umene unandithyola. Apongozi anati, "Lero paki. Mitengo yambiri." Mtima wanga unadumpha, ndinaimba chamumtima m'sitima monse: lero lero, mdzukulu wanga, lero upeza pako. Titalowa pa geti, ndinakweza maso, ndinawabweza msangamsanga. Ambuye wanga! Pakiyo yadzaza ziboliboli za anthu, zamiyala ndi zachitsulo, amuna, akazi, nkhalamba, makanda, onse ali mbulanda. Opanda ngakhale kansanza. Pakati pali chimwala chachitali chimene anasemapo anthu atakwerana, kukwerana, mpaka kumwamba ngati usipa m'chidebe. Ndipo amene wanditengera kuno ndi mkamwini wanga, akuloza ndi chala, akuti, "Onani, Amayi, agogo ndi mwana!" Agogo amiyalawo mawere ali pamtunda. Ndikanakhala ndi mapiko. Kumanja maliseche, kumanzere maliseche, kutsogolo apongozi. Mono weniweni.

Ndinakhala pa benchi n'kuwauza, nkhope ili kumbali, kuti miyendo yatopa. Iwo anati akagule zakumwa zotentha. Atangopotoloka ndinanyamuka, ndinalowa pakati pa mitengo, ndinagwada pansi pa mtengo waukulu wopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Ndinapalasa chipale ndi magolovesi mpaka ndinaona chakuda. Dothi! Ndinalipatsa moni ngati mbale wanga. Ndinatulutsa supuni, ndinabaya. Ngwe! Ndinabayanso ndi manja awiri. Ngwe! Dothi la kumeneko likazizidwa limasanduka chitsulo. Ndinavula magolovesi, ndinakanda ndi zikhadabo, zala zinafa, supuni inapindika khosi ngati kakowa. Sindinakumbe ngakhale pobisa njere ya mpunga.

Ndili chigwadire, galu anandinunkhiza khutu. Anali ndi mwini wake, mayi wachizungu wa msinkhu wanga, galuyo atavala jekete. Mayiyo anandiyang'ana, anayang'ana supuni, n'kutulutsa kajumbo kakuda m'thumba n'kundipatsa mwaulemu. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza. Pambuyo pake ndi pomwe ndinamva kuti timajumbo timeneto amatolera zimene agalu awo asiya. Ankayesa kuti ndikusaka zimenezo!

Apongozi anandipeza pomwepo, makapu awiri m'manja, ine ndili pansi, kajumbo dzanja ili, supuni yopindika dzanja ili, misozi ikuuma pamasaya isanafike pachibwano.

"Amayi, mwagwa? Mwataya chiyani?"

Ndikanawauza bwanji? Za mchombo ndi nkhani za amayi, mwamuna sauzidwa, kulibwanji mkamwini. Ndinangogwira mfundo ya chitenje n'kupukusa mutu. Anaika makapu pa chipale, anavula magolovesi awo n'kundiikira pambali panga, osandikhudza. Tsiku limenelo lokha anamva okha kuti asandikhudze.

Kunyumba mwana wanga ataona supuni anadziwa zonse. "Amayi, mpaka pano mukadali nawo?" Analowa kukhitchini ndi mwamuna wake, ndinamva akulankhula chilankhulo chawo chija chokhala ngati munthu akuimba ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Kenaka chitseko chinalira, apongozi atuluka. Pobwera anali atasenza thumba lapulasitiki ndi mphika wa maluwa. Anazitula pakati pa balaza, anang'amba thumbalo, n'kubwerera m'mbuyo atapinda manja ngati mwana wa sukulu.

"Dothi, Amayi."

Dothi logula m'sitolo! Ndinaseka koyamba chifikireni, kuseka kosakanikirana ndi kulira. Ndinagwada, ndinalitapa. Linali lofewa, lakuda, labwino ndithu kumera tomato. Ndinalinunkhiza. Silinkanunkha mvula, silinkanunkha mbuzi, silinkanunkha munthu aliyense. Ndinauza mwana wanga, pakuti apongozi sulankhula nawo mwachindunji zoterezi, "Uwathokoze kwambiri, ali ndi mtima. Koma dothi ili lilibe agogo ake. Komanso mphika umasweka, mphika amasamuka nawo. Mwana angakhale ndi kwawo mu mphika?"

Anawamasulira. Apongozi anakanda ndevu, anafunsa kanthu, mwana wanga n'kunditembenuzira. "Akuti nanga kwathu dothi ndi lofewa nyengo ino?"

"Kwathu? Kwathu umakumba ndi chala chimodzi, uku ukucheza."

"Ndiye akuti mupite nawo."

Mwana wanga anali akuyamwitsa, maso ali pamutu pa khanda. Anati, "Mukakaukwirira kumeneko ndiye kuti mwanayu ndi wa ku Salima."

Apongozi anamva okha, osawamasulira. Anati, "Mwana wa ku Salima. Tibwera naye."

Pamenepo mwana wanga, yemwe uja ankati titaye m'bini, anandifunsa ndi mawu ang'onoang'ono ngati ali mtsikana, "Amayi, nanga wanga munakwirira pati?"

"Sitinena. Koma ulipo, sunasunthe."

"N'chifukwa chake," anatero, misozi ikugwera pa thewera la mwana. "Kuno ndili ndi zonse, koma ndikagona ndimalota ndikutsuka mbale kunyanja."

Ndinazindikira kuti m'mono muja sindinalimo ndekha.

Masiku otsala ndinawapirira, dothi la panja silinafewe mpaka ndinachoka. Mphika uja anadzalamo tsabola amene sanabale. Pa bwalo la ndege anandiuza kuti ndivule jekete ndi chitenje, zidutse m'makina oona za m'kati. Chitenje changa chinalowa m'kamwa mwa makinawo, mfundo ili momwemo. Ndinaimba pansipansi: tuluka, mwana, tuluka, kwanu akudikira. Chinatulukira mbali inayo, palibe anandifunsa kanthu. Ndinachimanga kawiri.

Nditatsika minibasi kwathu, kutentha kunandimenya kumaso ngati mbale wakusowa, fungo la usipa n'kundilandira. Sindinamwe madzi, sindinamasule katundu. Ndinaitana achemwali anga aakulu, awiriwiri tinazungulira kuseri. Ndinagwada, ndinabaya chala. Dothi linatseguka lokha, lofunda ngati mkate. Tinauika, tinakwirira, achemwali anapondapo ndi chidendene. Ndiye ndinaimirira, nthungululu ija ndinatsekera m'pilo ndinaitulutsa yonse, yonse, mpaka akhwangwala anathawa m'mitengo ya mango.

Anasunga mawu awo apongozi. Anabwera naye mwanayo atayamba kukwawa, nyengo yokolola mpunga. Galimoto itaima, mkamwini wanga anatsika, anandiona, anapatuka panjira n'kunjuta patali, mawondo akulira ngati nkhuni zouma, nkhope ili kumbali, akuwomba m'manja. Mudzi wonse unagwa ndi phwete. Mdzukulu wanga tinamutsitsa pabwalo. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana ife, anakwawa, anakhala pansi, anatapa dothi dzanja lodzaza n'kuliika m'kamwa. Amayi ake anati athamange, ine ndinawagwira chitenje. "Musiye, akulonjerana ndi kwawo." Ngati panali pomwe paja kapena ayi, musandifunse, sitinena.

Ndipo anabwera, ee, anabwera anthu kudzasangalala nane! Anabwera achemwali anga aakulu, mboni yanga, atavala duku latsopano. Anabwera alongo anga a ku Khombedza ndi tambala m'khwapa. Anabwera amake mapasa a ku Lifuwu atasenza mpunga wonunkhira, mapasa omwewo ali pambuyo. Anabwera anzanga onse a pa thandala, wonenepa uja ndi woonda uja ndi uja wa mawu ngati wailesi. Anabwera anyamata osoka maukonde ndi kampango wamoyo. Anabwera amayi a kwaya yathu ndi ng'oma yawo, anabwera abusa pa njinga. Anabwera aneba athu Achisilamu, bambo ndi mayi ndi ana, akuti Mashallah, mwana wakula. Anabwera atsikana a pa loji amene ankagwira ntchito ndi mwana wanga, ndi wophika wawo, ndi mlonda wa pa geti. Anabwera azamba okalamba amene anandichiritsa mzime wangayo, atawagwira dzanja. Anabwera mlamu wanga amene sitinkalankhulana, anabwera wogulitsa ayisi, anabwera ngakhale mayi uja ankati ndikaphunzitsa azungu kunenerera mitengo.